Resistor ya 10 kΩ Si Ya Paliponse

Anzanga a kalabu ya sayansi, Arduino Uno imagwira ntchito pa 5 V, koma masensa ambiri amafuna 3.3 V. Mukalumikiza mwachindunji sensa itha kupsa, ndipo ndalama zogulira ina n'zosowa. N'chifukwa chake pakati timaikapo MOSFET ngati BSS138, kuti uthenga wa I2C uziyenda uku ndi uku. Mbali iliyonse imafuna pull-up resistor yokokera waya ku voteji ya mbaliyo. Nanga ikhale ya ma ohm angati?

Ikakula kwambiri, voteji pa waya imachedwa kukwera. Nthawi yokwerayo ndi 0.85 × R × C, pomwe C ndi capacitance ya mawaya. Tinene kuti C ndi 100 pF. Ya 10 kΩ ipereka 850 ns. Pa liwiro la 100 kHz palibe vuto, poti malire ndi 1000 ns. Koma pa 400 kHz malire ndi 300 ns basi, ndiye uthenga umasokonekera.

Ikachepa kwambiri, current imachuluka. Chipangizo chikamatsitsa waya kufika 0.4 V, chisanyamule kupitirira 3 mA. Musaiwale, chimanyamula current ya mbali zonse ziwiri! Tengani lamulo la Ohm, muyese 2.2 kΩ: mbali ya 5 V ipereka 2.1 mA, inayo 1.3 mA. Zonse pamodzi 3.4 mA, tadumpha malire.

Ine pamenepa ndimasankha 3.3 kΩ mbali zonse: 280 ns ndi 2.3 mA. Mawaya akhale aafupi, chifukwa akatalika C imakwera, ndipo masamu onsewa muyambiranso.