Phunziro: Kukonza Chithunzi cha Nyanja pa Foni

Mawu oti tiwerenge limodzi: chithunzi, mzere, kuwongola, kudula, kuwala.

Ku Senga Bay dzuwa limatulukira kunyanja. N'chifukwa chake ambiri amajambula m'mamawa, asodzi akamakocheza ndi usipa. Koma poona pa foni mumapeza nyanja yapendekeka, mabwato ada bii, pakona patulukira chala chanu. Musafufute msanga. Chithunzi chotere chimakonzeka.

Tsegulani chithunzicho, mudine pamene palembedwa Edit.

Yambani ndi kuwongola. Onani mzere umene madzi akumana ndi thambo. Tonse tikudziwa kuti madzi a m'nyanja sakwera chitunda. Mzerewo ukapendekeka, diso limakana. Tembenuzani chithunzi pang'onopang'ono ndi chala mpaka mzere ugone bwino.

Kenaka dinani Crop, kuti mudule m'mbali. Mafoni ambiri amaonetsa mizere iwiri yoima ndi iwiri yogona, yopanga timabokosi 9. Ngati chokoma ndi mitambo yofiira, mzere wa nyanja ukhale pa mzere wam'munsi. Ngati chokoma ndi mabwato ndi thandala la usipa, ukhale pa wapamwamba. Chilumba cha Namalenje musachiike pakati penipeni. Chikankhireni pamene mizere iwiri yadutsana. Bwato limene likuyenda mulisiyire madzi kutsogolo kwake.

Samalani apa. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho mamiliyoni ambiri. Mukadula, timadontho tina mwataya, ndipo totsalato timakula kuti tidzaze galasi la foni. Mukadula kwambiri, chithunzi chimachita mbuu. Telala wanzeru amayeza kaye asanadule nsalu. Inunso dulani pang'ono, muone, kenaka muwonjezere. Posunga, ngati foni yakufunsani, sankhani kusunga chithunzi chatsopano, choyamba chija chikhale momwe chinalili.

Tsopano kuwala. Foni ikayang'ana dzuwa imachepetsa kuwala, ndiye mabwato ndi anthu amada. Onjezerani pang'ono pa Brightness, kapena pa Shadows ngati foni yanu ili napo. Mitundu musaithire mopyola muyeso. Wobadwira ku Salima adziwa kuti nyanja yathu sioneka choncho.

Chenjezo lalikulu ndi ili: galasi la kamera likada, palibe batani lokonza. Manja amene agwira nsomba, mandasi kapena mafuta odzola amasiya utsi pachithunzi. Pukutani galasi ndi kansalu kofewa kouma musanajambule. Koma yambani mwauzira, chifukwa mchenga umakanda galasi, ndipo chokandika sichichira. Nyengo ya mwera, mafunde akamawaza madzi, imani patali. Foni ikani m'thumba la pulasitiki, makamaka m'bwato. Ndalama yokonzetsera foni ku Kamuzu Road ikanagula ufa wa ana.

Anthu akusamba kapena kuchapa musawajambule, ndipo asodzi muziyamba mwawapempha. Mapepala ndi mabotolo otayidwa mutha kuwadula pachithunzi, koma pagombe akhalabe mpaka wina awatole.

Mafunso
1. N'chifukwa chiyani timawongola mzere wa nyanja?
2. Chimachitika n'chiyani tikadula kwambiri?
3. Tchulani njira ziwiri zosamalira foni kunyanja.

Ntchito: Awiriawiri, jambulani nyanja mawa m'mawa. Konzani chithunzicho, mudzaonetse anzanu choyamba ndi chokonzedwa.