Avereji ya kompyuta ikusiyana ndi yanga

FUNSO: Alangizi, ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a mtedza ku Mchinji. Zokolola timazilemba mu database ya MySQL, mu tebulo lotchedwa zokolola, momwe muli dzina la mlimi, kalabu yake ndi makilogalamu amene wabweretsa. Ndikufuna kuona makalabu okhawo amene apyola makilogalamu 500, koma ndikalemba WHERE SUM(makilogalamu) > 500 kompyuta ikukana. Chinanso, avereji imene ikundipatsa ndi yokwera kuposa imene ndapeza pa kakyuleta. Kodi ndikulakwitsa pati?

YANKHO: Amlembi, vuto loyambalo ndi laling'ono. WHERE amasefa mizere umodziumodzi alimi asanaikidwe m'makalabu awo, ndiye pa nthawiyo palibe chimene chaphatikizidwa kale. Chosefera magulu ndi HAVING. Lembani chonchi:

SELECT kalabu, SUM(makilogalamu) FROM zokolola GROUP BY kalabu HAVING SUM(makilogalamu) > 500;

Chachiwiricho ndiye ndikufuna muchiganizire bwino, chifukwa lipoti lanu lidzawerengedwa pamaso pa alimi. Ndikuganiza kuti mayina ena alibe makilogalamu, mpata wake unangosiyidwa. Mpata wotero database imautcha NULL, ndipo NULL si ziro. AVG, SUM, MIN ndi MAX amangoudumpha. Tinene kuti kalabu ili ndi alimi anayi: atatu abweretsa 100, 200 ndi 300, wachinayi sanalembedwe kanthu. Inu mugawa 600 kwa anthu anayi n'kupeza 150. AVG agawa kwa atatu okha n'kupeza 200.

Kuti mutsimikize, yerekezani COUNT(*) ndi COUNT(makilogalamu). Woyambayo amawerenga mizere yonse, wachiwiriyo yokhayo imene ili ndi nambala. Kusiyana kwawo ndiko kuchuluka kwa alimi amene adumphidwa.

Musathamangire kudzaza ziro paliponse. Mlimi amene sanabweretsedi kanthu mulembereni 0, apo ayi ikani COALESCE(makilogalamu, 0) mkati mwa AVG ngati mipata yonse ndi ya anthu otero. Koma ngati mtedza wa munthu uli m'nkhokwe kudikira sikelo, ziro angatsitse kalabu yake popanda chifukwa. Zimenezi kompyuta singazidziwe. Lembani WHERE makilogalamu IS NULL kuti mayinawo atuluke, kenaka muwatengere kwa wapasikelo akuuzeni za aliyense musanasindikize lipoti.