Kutchera Khutu, Kuzonda ndi Ukazitape: Tisiyanitse

Kwathu ku Kanyenda, nkhani ya m'nyumba sichedwa kufika pathandala la usipa. Komatu kumva kuli mitundumitundu.

Kutchera khutu ndi kumvetsera mwachidwi, m'kalasi n'kofunika. Kumvetsera mobisa ndi kuima kuseri kwa chitseko usanaitanidwe. Kuzonda ndi kufufuza mwachinsinsi, monga anachitira azondi 12 a Mose ku Kanani (Numeri 13). Kazitape amachita kutumidwa, ngati aja anapita kukatapa Yesu m'kamwa (Luka 20:20).

Masiku ano khutu lobisikalo limafika ndi pafoni. Bungwe la MACRA litagula makina otchedwa CIRMS, ambiri anawatcha makina aukazitape poopa kuti azimvetsera zokambirana zawo. MACRA inati ndi oyezera ntchito za makampani a mafoni. Nkhaniyi inakafika kukhoti, ndipo mu 2014 khoti la Supreme linawalola.

Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha makalata ndi mafoni athu. Tsono mnzanu akasiya foni pabedi kuhositelo, inu n'kuyamba kuwerenga mauthenga ake, pa mawu tawaonawa lanu ndi liti?