Phunziro 7: Kodi Mtendere Wathuwu Udzakhalitsa?

Anzanga ophunzira, amayi ndi abambo, buku loyamba lija mudatsiriza. Tsopano mukutha kulemba dzina lanu ndiponso kuwerenga kalata nokha. Lero tiwerenga nkhani yolemererako pang'ono. Werengani mosafulumira. Mukapeza mawu ovuta imani, funsani mnzanu kapena alangizi anu.

Nkhani yake ndi ya mtendere. Wina anena kuti, "Aa, mtendere si tili nawo kale? Kuno ku Mzimba mfuti idalira liti?" N'zoona. Dziko lathu silidamenyepo nkhondo yapachiweniweni. Koma mayi aliyense amadziwa kuti moto wa pamafuwa umaoneka ngati wazima, chonsecho pansi pa phulusa pali makala. Amene amadziwa msanga ndi mwana wopondapo.

Phiri la Hora

Tiyambe ndi zakale. Angoni adawoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. M'zaka za m'ma 1850 gulu la mwana wake, M'mbelwa, lidafika m'dera lino ndi kugonjetsa Atumbuka amene lidawapeza. Cha m'ma 1880 Atumbuka ena adaukira ulamuliro wa Angoni. Mtsogoleri wawo adali Baza Dokowe. Iwo adathawira pa phiri la Hora, kumpoto kwa tauni ya Mzimba. Angoni adazinga phirilo ndipo anthu ambiri adafera pomwepo.

Nanga lero pa Hora pamachitika chiyani? Mwezi wa Ogasiti anthu amasonkhana pa mwambo wa Umthetho. Amavina ingoma, atanyamula zishango. Koma tatcherani khutu ovinawo akamapuma. Akuyankhula chiyani? Chitumbuka! Angoni adakwatira akazi a Chitumbuka, ndipo ana adayamwa chiyankhulo cha amayi awo. Nawonso Atumbuka a kuno adatengera malowolo a ng'ombe. Mishoni ya Embangweni itatsegulidwa m'chaka cha 1902, mwana wa Mngoni ndi mwana wa Mtumbuka adakhala pa benchi limodzi. Lero munthu akati amenye Mtumbuka kapena Mngoni, ayambire pati? Adzapeza kuti wamenya malume ake.

Sindikunena kuti zonse zidaiwalika, ayi. Alipo Atumbuka amene amadandaulabe kuti mafumu akuluakulu a boma lino pafupifupi onse ndi Angoni. Koma dandaulo limeneli amalinena ndi pakamwa, osati ndi mkondo. Taonani kuti chimene chidazimitsa udani uja si kutopa ndi nkhondo kokha. Anthu adayamba kudyera mbale imodzi: ukwati, sukulu, tchalitchi ndi bwalo la milandu. Ndipo zidatenga zaka zambiri.

Mabala a ndale

Tsopano tibwere ku za masiku athu ano. Kabuku kano kalembedwa m'Chichewa, pamene ambiri a inu kunyumba mumayankhula Chitumbuka. Zimenezi zili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1968 chipani cha Malawi Congress Party chidagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko lonse. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Pa wailesi chidabwereranso mu 1994.

M'chaka cha 1989 boma la Dr. Banda lidalamula kuti aphunzitsi apite kukagwira ntchito m'zigawo za kwawo. Amati aphunzitsi a Kumpoto saphunzitsa bwino ana a m'zigawo zina. Ine ndidali mwana wa pulaimale. Ndimakumbukira lole itaima pa sukulu pathu. Idatsitsa mipando, mapoto ndi banja lochokera Kumwera. Bambo adali mphunzitsi wa kwathu kuno, koma mayi ndi ana sankadziwa Chitumbuka ngakhale cha moni. Ife tinkawaseka anawo. Lero ndikaganiza ndimachita manyazi.

Padalinso njira yosankhira ana opita ku yunivesite poyang'ana boma lochokera, yotchedwa kota. Idayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, idaleka, idabwereranso mu 2009, kenaka idathetsedwa mu 2020. Makolo ambiri a kuno ankaona kuti ana awo akhoza bwino mayeso koma atsalira chifukwa cha kumene adabadwira. A m'maboma ena ankayankha kuti kwawo sukulu zidachedwa kufika, choncho nawo awaganizire. Mbali zonse ziwiri zidali ndi mfundo. Koma mlandu suwola. Ukapanda kukambidwa pabwalo, umakatulukira pena.

Udatulukira pa chisankho. Mu 1994 mipando yonse 33 ya aphungu a Kumpoto idapita ku chipani cha AFORD cha a Chakufwa Chihana. Chigawo Chapakati chidatsamira ku MCP, Kumwera ku UDF. Munthu ukangomva kumene akuchokera, umadziwiratu kumene wavotera.

Zoopsa zidachitika mu Juni 1999. A Gwanda Chakuamba a MCP ndi a Chihana adaima pamodzi, ndipo Kumpoto kudawavotera kwambiri. Atalengeza kuti apambana ndi a Bakili Muluzi, magulu a anthu okwiya m'chigawo chino adatentha mizikiti ndi kuthamangitsa anthu ena ochokera Kumwera. Chifukwa chake? Ati a Muluzi ndi Msilamu ndiponso Myao, ndiye Msilamu aliyense ndi wa UDF. Taganizani. Telala amene wakusokerani yunifolomu ya mwana zaka khumi, kapena bambo wogulitsa usipa pa msika, lero wasanduka mdani. Simudamufunse n'komwe kuti adavotera yani. Mkwiyo wa ndale udavala malaya a chipembedzo ndi a mtundu. Moto wotere ndiye wovuta kuzimitsa, pakuti chipani munthu amasintha, koma mtundu wake sangausinthe.

Anzathu akunja

Zotere si za kuno kokha. Ku Ulaya kuli dera lotchedwa Northern Ireland. Kumeneko Akatolika ambiri ankafuna kuphatikana ndi dziko la Ireland, pamene Apulotesitanti ambiri ankafuna kukhalabe pansi pa Britain. Adaphana kwa zaka pafupifupi 30, ndipo anthu oposa 3,500 adafa. Mu 1998 adasayina pangano loti mbali zonse ziwiri zizilamulira pamodzi. Kuphana kuja kudatha. Koma mumzinda wa Belfast makoma olekanitsa mbali ziwirizi akadalipo, ndipo ana ambiri amaphunzira m'sukulu zosiyana.

Ku Mozambique boma la Frelimo ndi gulu la Renamo adasayina mtendere ku Rome mu 1992, itatha nkhondo imene idathawitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni kuno ku Malawi. Mu 2013 mfuti zidaliranso, mpaka adasayinanso mu 2019. Pepala losayina ndi lofunika, koma palokha silikwanira.

Nanga ife tili pati?

Ine ndikuona zinthu zopatsa chiyembekezo. Chachikulu n'chakuti wogonja tsopano ali ndi kokadandaula. Chisankho cha 2019 chidabweretsa zionetsero kwa miyezi yambiri, ndipo masitolo adaswedwa m'matauni. Koma pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a khoti adagamula kuti chisankho cha pulezidenti sichidayende bwino, chichitikenso. Chidachitikadi pa 23 Juni chaka chomwecho, ndipo a Lazarus Chakwera adapambana. Pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 adapambana ndi a Peter Mutharika. A Chakwera adavomera kugonja, mpando n'kuperekedwa mwamtendere.

Khoti lija lidanenanso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka la onse oponyedwa. Ndiyo ija mumamva kuti 50+1. Tanthauzo lake n'lakuti chigawo chimodzi pachokha sichingaike munthu pampando. Wofuna upulezidenti ayenera kubwera ku Jenda, ku Embangweni ndi ku Edingeni kudzapempha mwaulemu. Akatukwana Atumbuka lero, mawa mavoti awo adzawasowa. Chimodzimodzinso wa kuno akanyoza Alomwe kapena Ayao. Komanso si zoona kuti anthu a Kumpoto amavotera wakwawo yekha. Mu 2009 adavotera kwambiri a Bingu wa Mutharika, munthu wa ku Thyolo.

Alipo mabungwe othandiza. Public Affairs Committee, imene idayamba mu 1992, imasonkhanitsa atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la mtendere ndi umodzi, lomwe limati m'maboma mukhale makomiti oyanjanitsa anthu. Komiti yotere ndi yabwino ngati ikumanadi. Ikangokhala dzina m'kabati ya ku ofesi, palibe chimene taphulapo.

Koma sindikubisirani, zodetsa nkhawa zilipo. Anyamata athu ambiri alibe ntchito. Ena ali ku Joni, ena amangokhala pa siteji ya basi. Wandale akabwera ndi kachasu ndi kandalama kochepa, mnyamata amanyamula chikwanje osafunsa. Amene wamutuma ana ake ali ku sukulu zabwino, sadzagenda mwala ngakhale umodzi. Chinanso n'chakuti ochita ziwawa za ndale kawirikawiri saoneka kukhoti, makamaka akakhala a chipani cholamula. Mwana amene waba nkhuku koma osadzudzulidwa, mawa amakayesa mbuzi.

Ndiye pali mafoni. Kale bodza linkayenda pansi, linkafika pa Mzimba litatopa. Lero uthenga wa pa WhatsApp wakuti "aba mavoti" kapena "Asilamu akuti zakuti" umafika midzi khumi nsima isanapse. Apa ndi pamene kuwerenga kwanu kukugwira ntchito. Mavoti akawerengedwa pa malo ovotera, zotsatira zimalembedwa pa pepala, oimira zipani amasayina, ndipo pepalalo limapachikidwa poyera. Kale mumadikira wina akuuzeni. Tsopano pitani mukawerenge nokha, mulembe manambalawo m'kope lanu. Wina akabwera ndi manambala ena, mufunseni kuti, "Achimwene, mwawatenga kuti amenewa?"

Tsiku la msika pitani pa Jenda mukaime pang'ono. Mayi wa Chitumbuka akugulitsa tomato ndi anyezi. Wogula wachokera ku Lilongwe. Dalaivala wa lole ndi Myao wa ku Mangochi, ndipo wokweza matumba wachokera ku Lundazi, tsidya la malire. Pasanathe ola agwirizana mtengo, m'ziyankhulo ziwiri kapena zitatu. Tsiku limene lole ija idzaopa kubwera chifukwa cha ziwawa, tomato adzaolera m'madengu, ndipo fizi ya mwana idzasowa. Funso limene ine ndilibe yankho lake ndi ili: kodi anthu omwewa, chisankho chikadzavuta, adzakumbukira kuti dzulo amagulana malonda? Mu 1999 ena adaiwala.

Zokambirana m'kalasi

1. Kodi chidachitika n'chiyani pa phiri la Hora cha m'ma 1880, nanga lero pamachitika chiyani?
2. M'mudzi mwanu kapena pa msika panu muli anthu ochokera m'maboma ena? Pa nthawi ya chisankho mumakhala nawo bwanji?
3. Mwana wanu wapatsidwa ndalama kuti akasokoneze msonkhano wa chipani china. Mumuuza chiyani? Lembani mizere itatu m'kope lanu, mudzawerengere anzanu sabata yamawa.