Kuvulala M'mutu: Phunziro Lochokera kwa Katswiri wa Njinga

Phunziro lathu mwezi uno likuchokera ku dziko la United States, kumene kunayambira mpikisano wa njinga wotchedwa BMX. Pa mpikisanowu anthu 8 amanyamukira pamodzi pamwamba pa chitunda chotalika mamita 8, nathamanga mtunda wa mamita pafupifupi 400 m'njira ya zitunda ndi yokhotakhota. Mphindi imodzi isanakwane, wopambana amakhala atadziwika. Masewerawa analowa m'mipikisano ya Olympic m'chaka cha 2008 ku Beijing.

Mbiri ya Connor Fields

Connor Fields anabadwa m'chaka cha 1992 ndipo anakulira mu mzinda wa Las Vegas. Anayamba kupikisana ali ndi zaka 7, ndipo atakula njinga inasanduka khasu lake. Mu 2012 ku London anafika mu ndime yotsiriza koma sanapate mendulo. Mu 2016 ku Rio de Janeiro anapambana mendulo yagolide, nakhala munthu woyamba wa dziko lake kutero pa masewerawa.

Tsoka silinunkha. Pa 30 Julayi 2021, ku Tokyo, katswiriyu anagwa pokhota, namenyetsa mutu pansi. Nthiti inathyoka, phapo linavulala, ndipo magazi anakha m'kati mwa mutu. Anapulumuka chifukwa anavala chisoti cholimba, ndiponso anathamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ngakhale anachira, mu 2022 analengeza kuti waleka mipikisano.

Chimene chimachitika m'mutu

Ubongo ndi wofewa, ndipo umakhala m'chibade cholimba chimene sichifutukuka. Munthu akamenyetsa mutu, mitsempha ya magazi ikhoza kuphulika. Magaziwo, posowa kotulukira, amapanikiza ubongo pang'onopang'ono. N'chifukwa chake wina amadzuka, nasasa fumbi, nanena kuti ali bwino, koma patapita maola angapo amakomoka. Kusaoneka kwa bala kunja sikutanthauza kuti m'kati muli mtendere.

Kwathu kuno njinga ndiyo imatifikitsa kumsika, kuchigayo ndi kuchipatala. Ngati katswiri wodziwa ntchito yake anagwa, nanga ife amene timakweza thumba la chimanga pa msewu wa maenje?

Zizindikiro zoopsa

Yang'anirani wovulalayo kwa masiku awiri. Fulumirani naye kuchipatala mukaona chimodzi mwa izi:

1. Kukomoka, ngakhale kwa kanthawi kochepa.
2. Mutu wopweteka monkirankira.
3. Kusanza kawirikawiri.
4. Tulo tachilendo, kapena kuvuta kudzutsidwa.
5. Kusokonekera maganizo, kapena kuiwala zimene zachitika.
6. Magazi kapena madzi kutuluka m'khutu kapena m'mphuno.
7. Kufooka kwa mkono kapena mwendo, kapena kugwa ngati wakhunyu.

Pomunyamula, mutu ndi khosi zikhale molunjika ndi msana, osazipinda. Musamupatse mowa, ndipo ngati sakudziwa kanthu musamumwetse chilichonse. Asapalasenso njinga tsiku limenelo, ndipo asagone yekha.

Kupewa

Konzani mabuleki nthawi zonse. Musapalase mutamwa mowa, ndiponso musayende usiku opanda nyali. Mwana wokwera pambuyo akhale ndi pogwira ndi popondera. Amene angathe agule chisoti, ndipo povala azimanga lamba wake pansi pa chibwano, pakuti chisoti chosamanga chimauluka mutu usanafike pansi.

Kumbukirani kuti madzi akatayika saoleka. Mkombero wa njinga ukapindika mmisiri amauwongola, koma ubongo ulibe wina wosinthira.