Gitala ndili nayo, pulogalamu nditenge iti?

Malume,

Ndine mnyamata wa ku Insaca kuno ku Mecanhelas. Ndimaimba gitala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo ndapeka nyimbo zanga zisanu. Mlamu wanga wandisiyira laputopu yakale ya Windows. Kuti ndijambule nyimbozi, anzanga ena akuti ndiike FL Studio poti ndi ya akatswiri, ena akuti Cubase. Ine zonsezi n'zachilendo. Ndiyambe ndi iti? Ndalama ndi zochepa, mamega nawonso amandivuta.

Woimba gitala, Insaca

Mphwanga,

Ika Audacity. Ndi yaulere, ilipo kuyambira chaka cha 2000, imayenda bwinobwino pa laputopu yotopa, ndipo ukaiika kamodzi sifunanso intaneti. Ungathe kuisintha kuti izilemba m'Chipwitikizi, ngati Chingerezi chimakukola lilime. Ukadina batani lofiira imajambula, ukafuna kuika gitala yachiwiri pamwamba pa yoyamba imakutsegulira mzere wina. Kwa munthu wa nyimbo zisanu amene sanajambulepo, basi, zakwana.

Anzakowo sakunama, FL Studio ndi yabwino, koma mphamvu zake zagona pa kupanga mabiti: ng'oma ndi kiyibodi za m'kompyuta momwemo. Iwe chida chako chili m'manja. Udziwenso kuti mtundu wake wotsika mtengo, Fruity Edition, sujambula mawu olowa kuchokera kunja, ndipo yoyeserera yaulere ija imakulola kusunga ntchito koma osaitsegulanso mpaka utalipira. Cubase ndi katundu wolemera kwa wongoyamba. Nanga zija zothyoledwa zoyenda m'mafulashi? Usazilandire. Zambiri zimabwera ndi mavairasi, ndipo laputopu ya mlamu wakoyo ikafa, nyimbo zako zifera limodzi.

Koma funso lako lalumpha nkhani yaikulu. Sunandiuze kuti mawu a gitalayo alowa bwanji m'kompyuta, chonsecho apa ndi pamene nyimbo imakomera kapena kuonongekera. Kamaikolofoni ka pa laputopu kanapangidwira kulankhulana, osati nyimbo. Kamatola phokoso la fani ya laputopu yomweyo n'kumeza kukoma kwa nsambo. Ngati gitala yako ili ndi pobaya chingwe, usaibaye pa kabowo ka mahedifoni, mawu ake amatuluka osasa ngati wailesi yothera mabatire. Chofunika ndi kabokosi kotchedwa audio interface, kamene kamalandira chingwe cha gitala kapena maikolofoni n'kupereka mawu ku kompyuta kudzera pa USB. Behringer UM2 ndi kotsikirapo mtengo, Focusrite Scarlett Solo ndi kabwinopo. Ukapeza wodalirika wopita ku Nampula, kapena woolokera ku Malawi kudzera ku Entre Lagos mpaka ku Blantyre, umutume kameneko. Meticais amene ukanataya pa pulogalamu uwasungire kabokosika ndi mahedifoni otseka makutu onse.

Podikira, usakhale manja lende. Foni yako ikhoza kujambula bwino kuposa laputopu. Iike kutsogolo kwa gitala, kutalika ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri, iloze pamene khosi la gitala limakumana ndi thupi lake, osati pabowo penipeni poti pamenepo pamaguguda. Kenako samutsa fayilo ija, uitsegule mu Audacity, uphunzirirepo kudula ndi kulumikiza.

Chipinda nachonso chili ndi pakamwa. Nyumba ya malata yopanda kudenga, pansi pa simenti, imabweza mawu ngati uli m'mgolo. Tsamiritsa matiresi kukhoma, pachika mabulangete, yala mphasa pansi. Jambula usiku, njinga zamoto zitaleka kulira, atambala asanayambe. Ukamva kaphokoso kong'ung'udza kosaleka, zula chaja ujambule ndi batire. Kawirikawiri kamachokera kumagetsi, ndiponso a kampani ya magetsi ya EDM akathimitsa pakati pa nyimbo sudzagwira njakata.

Pali misampha itatu mu Audacity imene imagwira aliyense. Woyamba: mizere yosonyeza kukwera kwa mawu isamafike pofiira, izithera cha pa -6. Mawu otsika umakweza pambuyo, ong'ambika sasokeka. Wachiwiri: ukamajambula mzere wachiwiri uku ukumvera woyamba, ukhoza kupeza kuti watsalira pang'ono ngati woimba wochedwa kulowa. Si iwe, ndi kompyuta imene ikuchedwa kubweza mawu. Uzidzimvera kudzera pa kabokosi kaja mwachindunji, ndipo m'makonzedwe a Audacity muli pokonzera kuchedwako. Wachitatu ndi uwu umene umaliza anthu misozi: ukadina Save umasunga ntchito yotha ndi .aup3, imene foni ya mnzako singaimbe. Kuti ikhale nyimbo, dina Export. Sunga WAV yako, ndipo MP3 ndi yotumiza pa WhatsApp.

Tsiku lidzafika loti Audacity ikuchepere, makamaka ukadzafuna ng'oma, kiyibodi ndi mawu a kwaya yonse. Pamenepo udzapite ku Reaper. Fayilo yake yoikira ndi yaing'ono kwambiri, siingakuthere mamega, amakulola kuiyesa yathunthu masiku 60, ndipo chiphaso cha munthu wamba ndi madola 60. Ili ndi mabatani ochuluka moti wongoyamba angathawe, n'chifukwa chake sindikukutumako lero. Wina akakutchulira GarageBand, umuuze kuti imeneyo ndi ya zipangizo za Apple zokha.

Ndipo usadziderere poti uli kutali ndi Maputo. A Massukos a Feliciano dos Santos anatulukira ku Lichinga, m'chigawo chathu chomwechi cha Niassa, n'kukaimba mpaka ku Ulaya.

Sankha nyimbo imodzi mwa zisanuzo, chuna gitala, uijambule sabata ino ngakhale ndi foni. Ikatha undilemberenso, undiuze pamene panakuvuta.

Malume