Asilikali ndi Moto Wolusa wa ku Australia

Bambo athu a ku Dedza, kalata yanu yatipeza. Mwafunsa kuti bwanji aphungu a ku Australia amakangana za asilikali moto wolusa ukabuka, osangowatumiza akazimitse.

Bambo, mkanganowu unakula ndi moto wa 2019 mpaka 2020, umene unapha anthu 33 n'kutentha nyumba zoposa 3,000. Ambiri amene analimbana nawo anali anthu wamba ongodzipereka, osiya minda ndi ntchito zawo popanda malipiro. Pa 19 Disembala 2019, awiri mwa iwo anafa usiku kufupi ndi Buxton, galimoto yawo itagubuduzika chifukwa cha mtengo umene unagwa. Onse awiri anasiya ana aang'ono. Ine ndikakumbukira zimenezi, mtima umandiwawa.

Mu Januwale 2020, nduna yaikulu Scott Morrison inaitana asilikali 3,000 oitanidwa pakagwa vuto. Komatu asilikali sanaphunzire kuzimitsa moto wam'tchire. Iwo ankatsegula misewu, kunyamula chakudya ndi kusamutsa anthu, monga ku Mallacoota kumene sitima yankhondo inapulumutsa anthu amene anatsekeredwa pagombe.

Mu 2023, lipoti lounika chitetezo cha dzikolo linati asilikali aziitanidwa pokhapokha njira zina zitakanika, poti ntchitoyi imawadyera nthawi ya maphunziro ankhondo. Komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate yotsogoleredwa ndi Jacqui Lambie, amene anakhalapo msilikali, inaunikanso nkhaniyi.

Kwa ine, bambo, aphunguwo ayambire pa ozimitsa moto ongodziperekawo: awagulire magalimoto olimba, ndipo mabanja a omwalira asasiyidwe okha.